Boila ya Gasi Yozimazima: Malangizo kwa Okhala m'Nyumba za ku Britain

Nyumba zambiri za ku England, Scotland ndi Wales zimatenthetsedwa ndi chipangizo chotchedwa boila. Chipangizochi chimayatsa gasi wobwera m'mapaipi a pansi pa msewu, n'kutenthetsa madzi amene amazungulira m'marediyeta a m'zipinda, komanso madzi osamba ndi otsukira mbale. Amalawi amene apita m'dzikolo kukagwira ntchito kapena kukaphunzira amakumana ndi chipangizochi koyamba tsiku lolowa m'nyumba, popeza kuno kwathu madzi otentha amachokera ku giza, pa mbaula kapena pa mafuwa, ndipo nyumba yofunika kuitenthetsa theka la chaka sitiidziwa. Vuto limene limasautsa ambiri ndi la boila imene imayaka kwa mphindi zochepa n'kuzima, kapena yozimiratu n'kukana kuyakanso, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi pamene kunja kumazizira kufikira madzi kuundana.

Boila siizima popanda chifukwa. M'kati mwake muli tizipangizo toyang'anira moto, madzi, mpweya ndi kutentha, ndipo kamodzi mwa ito kakaona kuti china chake sichili bwino, kamatseka gasi nthawi yomweyo. Kuzimako n'chitetezo cha eni nyumba. Choncho ntchito ya munthu wokhala m'nyumbamo ndi kufufuza chimene chachititsa, kukonza zochepa zimene malamulo amamulola, ndi kusiyira mmisiri wovomerezeka zotsalazo.

Mmene boila imagwirira ntchito

Mtundu wofala kwambiri masiku ano ndi combi, bokosi loyera lopachikidwa pakhoma m'khitchini kapena m'kabati, limene limatenthetsa madzi a pa mpopi nthawi imene mpopiwo watsegulidwa, popanda thanki yosungiramo madzi otentha. Nyumba zina, makamaka zazikulu ndi zakale, zili ndi boila yokhala ndi thanki ya madzi otentha payokha.

Boila ikalandira uthenga woti kutentha kukufunika, imatsata ndondomeko imodzimodzi nthawi zonse. Pampu imayamba kuyendetsa madzi. Fani imayamba kukoka mpweya wa kunja ndi kutulutsa utsi kudzera pa chumuni chimene chimaboola khoma kapena denga. Kenaka valavu ya gasi imatseguka, kachipangizo koyatsira kamathetheka, ndipo kachitsulo kena kamatsimikizira kuti lawi layakadi. Lawi likapanda kuoneka m'masekondi ochepa, valavu imatsekeka. Boila imayesanso kangapo, ndipo ikalephera imadzitseka n'kuonetsa chizindikiro pa sikirini yake. Amisiri amatcha kudzitseka kotereku lockout, ndipo ndi liwu limene mudzalimve pa foni mukamafotokoza vuto lanu.

Zoopsa ziwiri zoyenera kuyamba nazo

Musanakhudze batani lililonse, tsimikizirani kuti m'nyumbamo simukumveka fungo la gasi. Gasi wa m'mapaipi alibe fungo mwachibadwa, koma makampani amathiramo mankhwala onunkha ngati mazira owola kuti akamatuluka azizindikirika. Mukamva fungolo, tsegulani zitseko ndi mawindo, musayatse machesi kapena fodya, ndipo musayatse kapena kuzimitsa swichi iliyonse ya magetsi. Tsekani gasi pa mita potembenuza chogwirira chake kuti chipingase paipi. Chikakhala cholunjika motsata paipi ndiye kuti gasi akuyenda. Ngati mita ili m'chipinda cha pansi pa nyumba, musatsikireko. Tulukani panja ndipo muimbe nambala yaulere ya 0800 111 999, imene imayankhidwa usana ndi usiku ku England, Scotland ndi Wales. Ku Northern Ireland nambala yake ndi 0800 002 001.

Choopsa chachiwiri n'chobisika kwambiri. Gasi akamayaka popanda mpweya wokwanira, kapena chumuni chikatsekeka, pamatuluka mpweya wapoizoni wa carbon monoxide, womwewo umene umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka miyezi ya Juni ndi Julayi. Mpweyawu suoneka, sununkha ndiponso sumveka kukoma kulikonse. Zizindikiro zake m'thupi ndi mutu, chizungulire, nseru, kufooka, kubanika ndi kusokonezeka maganizo, ndipo anthu ambiri amaziyesa chimfine kapena kutopa kwa ntchito. Chimene chimasiyanitsa n'chakuti munthu amapezako bwino akatuluka panja, n'kuyambiranso kudwala akabwerera m'nyumba, ndiponso anthu angapo a m'nyumba imodzi, ngakhale ziweto, amadwalira limodzi. Pa boila penipenipo mungaone mwaye kapena madontho akuda kuzungulira bokosi lake, lawi lachikasu ndi lofooka m'malo mwa lobiriwira ngati mtambo, ndi mawindo ochita thukuta kuposa masiku onse. Alamu ya carbon monoxide ikalira, kapena mukaona zizindikirozi, zimitsani boila, tsegulani mawindo, tulutsani aliyense, ndipo muimbe nambala ya gasi ija. Wodwala apite kuchipatala tsiku lomwelo ndipo auze a dokotala kuti akuganizira mpweya umenewu. Ngati wina wakomoka kapena akulephera kupuma, imbani 999.

Malire amene lamulo linaika

Lamulo la Gas Safety (Installation and Use) Regulations la 1998 limafuna kuti ntchito ya pa zipangizo za gasi izigwiridwa ndi munthu woidziwa bwino, ndipo aliyense wogwira ntchitoyi molipidwa ayenera kukhala m'kaundula wa Gas Safe Register. Kaundulayu analowa m'malo mwa CORGI pa 1 Epulo 2009 ku England, Scotland ndi Wales, ndipo ku Northern Ireland anayamba mu 2010. Mmisiri aliyense wolembetsedwa amayenda ndi khadi lokhala ndi chithunzi chake, nambala ya laisensi ndi tsiku limene khadilo lidzathe ntchito. Kuseri kwa khadilo kumalembedwa mitundu ya zipangizo zimene iye ali ndi chilolezo chozikonza, pakuti wololedwa kukonza chitofu cha gasi sikuti ndi wololedwanso kukonza boila. Kupempha kuona khadi si mwano, ndipo amisiri enieni anazolowera kulionetsa pakhomo.

Malirewo ndi osavuta kukumbukira. Zimene zili kunja kwa bokosi la boila, monga mabatani, thermostat, kawotchi ka presha, marediyeta ndi paipi yotayira madzi, wokhala m'nyumba angathe kuziona ndi kuzikonza motsatira buku la malangizo a boilayo. Chivundikiro cha bokosilo musachichotse. Pa maboila ambiri chivundikirocho ndi mbali ya chotchinga chimene chimaletsa utsi kulowa m'nyumba, ndipo chikabwezeredwa molakwika palibe chimene chingakuchenjezeni kupatula alamu. Pakati pa anthu a kwathu sipasowa mbale waluso amene amakonza galimoto, firiji ndi wailesi, ndipo n'chizolowezi chabwino kuthandizana. Koma pa boila luso lotere silikwanira, chifukwa mmisiri wovomerezeka amayeza utsi ndi makina akamaliza ntchito, ndipo popanda muyeso umenewo palibe angatsimikize kuti boila ikuyaka bwino.

Kuzima kumene sikuli vuto

Si kuzima kulikonse kumene kuli kuwonongeka. Chipinda chikafika pa kutentha kumene munasankha pa thermostat, boila imapuma. Madzi a m'marediyeta akafika pa muyeso wake, lawi limazima kwa mphindi zingapo pamene pampu ikupitiriza kuyenda. Maboila ena a combi amadziyatsa kwa kanthawi kochepa ngakhale palibe watsegula mpopi, pofuna kuti madzi a m'kati akhale ofunda, ndipo ambiri amadziyatsanso okha kukazizira kwambiri kuti madzi asaundane m'mapaipi. Ngati nyumba ikufunda, madzi otentha akutuluka, ndipo sikirini siikuonetsa chizindikiro cha vuto, mwina palibe chalakwika.

Koma ngati boila ikuyaka ndi kuzima pa mphindi ziwiri kapena zitatu zilizonse nyumba isakufunda, onani kaye ngati mavalavu a marediyeta ambiri sanatsekedwe. Anthu ofuna kuchepetsa bilu amatseka marediyeta onse n'kusiya imodzi, ndiye madzi otentha amasowa kolowera, amabwerera ku boila akadali otentha, ndipo boila imazima msanga. Onaninso malo amene thermostat ili. Ikakhala pafupi ndi rediyeta, chitofu kapena pawindo lolowa dzuwa, imaganiza kuti nyumba yonse yatentha.

Zilembo za pa sikirini ndi batani la reset

Boila ikadzitseka imaonetsa chilembo ndi nambala. Musanachite chilichonse, zilembeni kapena zijambuleni pa foni, chifukwa mukadina reset zimafufutika, ndipo mmisiri adzakufunsani. Kampani iliyonse ili ndi zilembo zake. Kutsika kwa presha ya madzi kumaoneka ngati F22 pa Vaillant, F1 pa Ideal ndi E119 pa Baxi. Kulephera kuyatsa lawi kumaoneka ngati F28 pa Vaillant, L2 pa Ideal, E133 pa Baxi ndi EA pa Worcester Bosch. Matanthauzo onse ali m'buku la boilayo, ndipo ngati bukulo linatayika, makampaniwa amaika mabuku awo pa intaneti. Dzina ndi mtundu wa boila zimalembedwa kutsogolo kapena kunsi kwa bokosi.

Kudina reset kamodzi kapena kawiri n'kololedwa, popeza nthawi zina chimene chinachititsa n'chakanthawi, monga mphepo yamkuntho yowomba pa chumuni kapena kuthima kwa magetsi. Boila ikadzitsekanso, lekani. Kudina mobwerezabwereza kuli ngati kukakamiza mlonda kutsegula chipata chimene watseka ataona choopsa, ndipo kumawonjezera kuwonongeka kwa zipangizo za m'kati.

Magetsi, mabatire ndi mita ya gasi

Ngakhale imayaka ndi gasi, boila siigwira ntchito popanda magetsi. Sikirini ikakhala yakuda, onani swichi ya pakhoma pafupi ndi boilayo ndi bokosi lalikulu la magetsi a nyumba. Thermostat yopanda waya imayendera mabatire, ndipo mabatirewo akafooka uthenga umafika ku boila modukizaduka. Wotchi ya boila imathanso kusokonekera magetsi akathima, kapena nthawi ikasinthidwa kumapeto kwa Malichi ndi kwa Okutobala.

Kenaka yatsani chitofu cha gasi ngati chilipo. Chikakana kuyaka, vuto si la boila koma gasi sakufika m'nyumba. M'nyumba zambiri za lendi muli mita yolipiriratu, yofanana ndi mita ya mayunitsi a magetsi imene tinaizolowera kuno. Ndalama zikatha mitayo imatseka gasi, ndipo ngakhale mutalipira, mamita ambiri amadikira kuti mudine batani lotsimikizira kuti zipangizo zonse za gasi n'zozimitsa asanatsegulenso. Dziwaninso kuti mita yotere imadula ndalama ya tsiku ndi tsiku ngakhale miyezi yotentha pamene simukugwiritsa ntchito gasi. Anthu ena amadabwa m'mwezi wa Okutobala kuona kuti ndalama zimene angoika zathera ku ngongole imeneyi.

Presha ya madzi

Ichi ndicho chifukwa chofala kwambiri cha boila yozimazima, ndiponso chimene wokhala m'nyumba angathe kuchikonza yekha. Madzi a m'marediyeta a boila ya combi ndi otsekeredwa. Amangozungulira omwewo, ali opanikizika pa muyeso wotchedwa bar. Kutsogolo kapena kunsi kwa boila kuli kawotchi kokhala ndi muvi, kapena nambala pa sikirini, koonetsa muyesowu. Madzi akakhala ozizira, muvi uyenera kukhala pakati pa 1 ndi 1.5. Akatentha umakwera pang'ono, mwina kufika cha pa 2, popeza madzi otentha amafuna malo ambiri. Muvi ukatsika kufika cha pa 0.5, maboila ambiri amadzitseka kuti moto usawotche chitsulo chopanda madzi, monga mmene mphika umapserera ukaumira pamoto.

Powonjezera madzi, zimitsani boila ndipo muidikire izizire. Kunsi kwake mupeza kapaipi kofewa, kolukidwa ndi timawaya tasiliva, kokhala ndi valavu mbali zonse ziwiri. Kamalumikiza paipi ya madzi ozizira ndi paipi ya marediyeta. Maboila ena m'malo mwake ali ndi kiyi wapulasitiki kapena kachogwirira kokokera pansi, ndipo buku lake limafotokoza. Tsimikizirani kuti kapaipiko kamangidwa zolimba mbali zonse. Tsegulani valavu yoyamba, kenaka yachiwiri pang'onopang'ono. Mudzamva madzi akulowa. Maso anu asachoke pa kawotchi. Muvi ukafika pakati pa 1 ndi 1.5, tsekani mavalavu onse awiri bwinobwino, ndipo mukatero yatsani boila n'kudina reset ngati pakufunika. Valavu yosiyidwa yotsegula pang'ono imapitiriza kulowetsa madzi usiku wonse mpaka presha kupitirira muyeso. Ngati mwathira madzi ochuluka, tulutsani ena pa kabowo kotulutsira mpweya ka pa rediyeta, mutatchingira ndi kansalu ndi kabeseni.

Kuwonjezera madzi kamodzi kapena kawiri pa chaka si chachilendo. Koma ngati mukuwonjezera sabata iliyonse, madziwo akutuluka penapake, ndipo kumangothira ena n'kubisa vuto. Madzi atsopano amabwera ndi mpweya umene umachititsa dzimbiri m'kati mwa marediyeta, ndiponso amasungunula mankhwala oteteza dzimbiri amene amisiri amathira m'mapaipi. Yendani m'nyumba monse mukupapasa mavalavu a marediyeta ndi pepala louma, muyang'ane makapeti onyowa ndi madontho pa siling'i. Tulukaninso panja kuseri kwa khoma limene boila yapachikidwa. Pamenepo pali kapaipi ka kopa kopindikira kukhoma, kamene kamataya madzi presha ikafika pa 3. Kakamadontha, valavu yake sikutseka bwino kapena presha ikukwera mopitirira.

Pali chizindikiro china chothandiza kwambiri mmisiri mukamuuza. Ngati muvi umakwera mofulumira kuyandikira 3 boila ikatentha, n'kugwa pafupi ndi 0 ikazizira, kawirikawiri vuto lili pa kathanki ka m'kati kamene kali ndi mpweya wolandira madzi akafutukuka. Mpweyawo ukatha, madzi amasowa malo, amatayika panja, ndipo m'mawa boila imapezeka ilibe presha. Kukonza kathankiko ndi ntchito ya mmisiri.

Nyumba zina zakale zilibe kawotchi ka presha chifukwa marediyeta ake amalandira madzi kuchokera ku kathanki ka m'denga. M'nyumba zotere ndondomeko imene yafotokozedwayi sigwira ntchito.

Paipi youndana

Kuyambira Epulo 2005, maboila a gasi atsopano oikidwa ku England ndi Wales amayenera kukhala a mtundu wa condensing, kupatula m'nyumba zochepa. Boila ya mtunduwu imasunga gasi chifukwa imatenga kutentha kotsala mu utsi usanatuluke. Utsiwo ukazizira, nthunzi yake imasanduka madzi okhala ndi asidi pang'ono, ndipo madziwo amatayidwa kudzera m'paipi yapulasitiki, kawirikawiri yoyera, imene imachokera kunsi kwa boila kupita ku ngalande ya madzi oipa. M'nyumba zambiri paipiyi inadutsitsidwa kunja kwa khoma. Kukazizira kupitirira 0°C kwa maola ambiri, madzi oyenda pang'onopang'onowo amaundana, paipi imatsekeka, madzi amabwerera m'boila, ndipo boila imadzitseka. Zimenezi zinachitikira nyumba zambirimbiri kumapeto kwa Febuluwale ndi kumayambiriro kwa Malichi 2018, pa nyengo ya chisanu imene anthu a m'dzikolo anaitcha Beast from the East. Chomvetsa chisoni n'chakuti vutoli limadza usiku wozizira koposa, pamene amisiri onse ali otanganidwa.

Mungalizindikire motere: kunja kwazizira kwambiri, boila ikumveka kubwata ngati madzi a m'botolo lopendekeka ikamayesa kuyaka, ndipo sikirini ikuonetsa chilembo cha kulephera kwa lawi. Pitani panja mukapeze paipi yapulasitikiyo. Malo amene amaundana msanga ndi kumapeto kwake, pa makona, ndi pamene yagona mopingasa. Thirani madzi ofunda pa malowo pang'onopang'ono, kuyambira kumapeto kukwera m'mwamba, kapena ikanipo botolo la madzi otentha lofunditsira pabedi. Madzi owira musagwiritse ntchito, chifukwa angang'ambe pulasitiki yozizira ndipo angakutentheni. Madzi a m'ketulo asakanizeni ndi ozizira kufikira dzanja litha kupirira. Mukamva madzi akutuluka kapena kuona zidutswa za ayezi zikugwa, bwererani m'nyumba mukadine reset.

Paipiyo musaidule kapena kuichotsa ku boila. Ngati ili pamwamba posafikika mutaima pansi, musakwere makwerero pa nthaka yoterera, itanani mmisiri. Samalaninso ndi madzi amene mwathirawo, chifukwa amaundana pansi m'kanthawi kochepa ndipo munthu wotuluka m'mawa angaterereke. Kuti vutoli lisabwerenso, paipi ya kunja iyenera kukhala yaifupi, yotsetsereka bwino, yaikulu mamilimita 32, ndiponso yokutidwa ndi chofunda chosalowa madzi. Chabwino koposa ndi kuisamutsira m'kati mwa nyumba, ndipo ochita lendi angapemphe mwininyumba kuti atero nyengo yozizira isanafike.

Madzi akalephera kuyenda

Boila imene imayaka bwino, n'kutentha mofulumira, n'kuzima marediyeta akadali ozizira, kawirikawiri imakhala kuti yatentha mopitirira muyezo chifukwa madzi sakuyenda. Zifukwa zake ndi mpweya, matope, laimu kapena pampu yofooka.

Rediyeta yotentha kunsi koma yozizira kumwamba ili ndi mpweya. Zimitsani boila, dikirani izizire, ndipo ndi kakiyi ka rediyeta, kamene kamagulitsidwa motchipa m'masitolo a zipangizo, tsegulani pang'ono kabowo ka pakona ya pamwamba. Mpweya udzatuluka mofwenthera. Madzi akayamba kutuluka, tsekani. Kutero kumatsitsa presha, choncho mukamaliza onaninso kawotchi kaja.

Rediyeta yotentha kumwamba koma yozizira kunsi ndi pakati ili ndi matope akuda a dzimbiri amene amadikha m'kupita kwa zaka. Matopewa amatseka timipata ta m'boila ndi kulemetsa pampu. Mmisiri amawatsuka ndi mankhwala kapena makina, ndipo angaike sefa ya maginito yokola dzimbirilo. Ku London ndi kumwera chakum'mawa kwa England madzi ali ndi laimu wambiri chifukwa amachokera m'miyala ya choko, ndipo makoko oyera amene mumawaona m'ketulo amamatanso m'kati mwa boila. Boila yotere imalira ngati ketulo yoyandikira kuwira, mwina n'kumagogoda. Ku Scotland, kumene madzi a madera ambiri alibe laimu wochuluka, phokoso lotere limakhala la matope kawirikawiri. Zonsezi, pamodzi ndi pampu, fani, valavu ya gasi, kachitsulo koona lawi, tizipangizo toyeza kutentha ndi bolodi ya magetsi, n'za mmisiri yekha.

Chumuni mungachiyang'ane muli panja. Masamba, chisa cha mbalame, chipale chofewa chounjikana, kapena katundu wotsamiritsidwa pakhoma zingatchinge pakamwa pake. Nthunzi yoyera yotuluka pa chumuni m'nyengo yozizira si vuto. Ngati chumunicho chasweka, chapendekeka kapena chachita madontho akuda, zimitsani boila ndipo musaiyatsenso mpaka iyezedwe.

Kwa ochita lendi

Ku England, ndime 11 ya lamulo la Landlord and Tenant Act la 1985 imapereka kwa mwininyumba udindo wokonza zipangizo zotenthetsera nyumba ndi madzi, ndipo madera ena a Britain ali ndi malamulo ofanana nalo. Mwininyumba ayeneranso kuonetsetsa kuti mmisiri wa Gas Safe wayeza zipangizo za gasi ndi chumuni miyezi 12 iliyonse. Chikalata cha zotsatira, chimene ambiri amachitcha CP12, chiyenera kuperekedwa kwa wochita lendi pasanathe masiku 28, ndipo wolowa kumene alandire asanalowe m'nyumbamo. Kuyambira pa 1 Okutobala 2022, eni nyumba za lendi ku England ayenera kuika alamu ya carbon monoxide m'chipinda chilichonse chokhalamo anthu chimene muli boila kapena chipangizo china choyaka moto chokhazikika, kupatula chitofu cha gasi.

Boila ikawonongeka, dziwitsani mwininyumba kapena ejenti wake tsiku lomwelo, ndipo muchite zimenezi polemba, kaya pa imelo kapena pa uthenga wa pafoni, kuti pakhale umboni wa tsiku ndi nthawi. Tchulani chilembo cha pa sikirini, muyeso wa presha, zimene mwayesa kale, ndiponso ngati m'nyumbamo muli khanda, wokalamba, mayi woyembekezera kapena wodwala. Anthu ena ofika kumene amaopa kudandaula poganiza kuti achotsedwa m'nyumba kapena kuti zikhudza chitupa chawo chokhalira m'dzikolo. Udindo wa mwininyumba susintha potengera dziko limene wochita lendi anachokera. Akazengereza, nkhaniyo ipite ku khonsolo ya deralo, ku ofesi yoona za nyumba ndi ukhondo, imene ili ndi mphamvu yoyendera nyumbayo ndi kulamula kuti ikonzedwe. Mabungwe a Citizens Advice ndi Shelter amaperekanso uphungu waulere. Musasiye kulipira lendi musanalandire uphungu, chifukwa kutero kungakuikeni inuyo pa mlandu.

Mmisiri akapeza kuti boila ndi yoopsa, amaitseka ndi chilolezo chanu, n'kumatapo chikwangwani chochenjeza ndi kukupatsani kalata yofotokoza vutolo. Kuyatsa boila imene mukudziwa kuti ndi yoopsa n'kuphwanya lamulo, ngakhale kutazizira chotani.

Podikira kuti boila ikonzedwe

Masiku odikira ndi amene ngozi zambiri zimachitikira, chifukwa munthu wozizidwa amagwira chilichonse chotentha. Mbaula ya makala, chowotchera nyama cha panja, chitofu cha gasi cha pa ulendo ndi jenereta zisalowe m'nyumba, ngakhale makala ataoneka kuti azirala. Nyumba za ku Britain n'zomata kwambiri, mawindo ake ndi a magalasi awiri, ndipo mulibe mipata ya pansi pa denga imene imatulutsa utsi m'nyumba zambiri za kwathu. Uvuni ndi chitofu cha gasi nazonso si zowothera.

Gwiritsani ntchito hita yamagetsi, imene mungapemphe mwininyumba kuti akubwerekeni. Ilumikizeni pa soketi ya pakhoma mwachindunji, ikhale kutali ndi makatani ndi zofunda, ndipo musayanikepo zovala. Sonkhanani m'chipinda chimodzi, tsekani zitseko za zipinda zina, ndipo makatani atsekedwe dzuwa likangolowa. Akuluakulu a zaumoyo m'dzikolo amalangiza kuti chipinda chokhalamo chisatsike pansi pa 18°C, makamaka kwa okalamba ndi odwala mtima kapena chifuwa. Funsani kumene kuli valavu yaikulu yotsekera madzi a nyumba yonse, imene nthawi zambiri imakhala pansi pa sinki ya m'khitchini, popeza nyumba ikakhala yozizira masiku angapo mapaipi a madzi angaundane n'kuphulika.

Mabanja amene ali ndi mwana wosakwana zaka 5, munthu wa msinkhu wa penshoni, wolumala kapena wodwala matenda okhalitsa angalembetse mwaulere m'kaundula wa Priority Services Register kudzera ku kampani imene imawagulitsa gasi kapena magetsi. Olembetsedwa amathandizidwa mwapadera gasi kapena magetsi akaduka m'dera lawo, ndipo kulembetsako kumachitika pa foni kapena pa intaneti.